Mmene mungasankhire matsegulidwe aukali mukamasewera ndi zakuda mu chesi yothamanga

Aliyense amene amasewera chesi pa foni amaudziwa mtima umene umabwera zakuda zikamugwera mu blitz, chesi yothamanga ya mphindi zochepa. Mnzanu ndiye amayamba kusuntha, ndipo ambiri a ife timangovomereza kuti ntchito yathu ndi kudziteteza mpaka mphepo itadutsa. Pa masewera a maola awiri zimenezo zingathandize. Pa masewera a mphindi zitatu, wodziteteza ndi amene amaganiza kwambiri, ndipo woganiza kwambiri ndi amene wotchi imamuthera. N'chifukwa chake zakuda zimafunika matsegulidwe (mamuvu oyambira masewera) amene amapatsa mnzanu mafunso ovuta, inu dzanja lanu likudziwa kale kopita. Ukali umene ndikunena pano ndi umenewo, osati kungotaya zida mwachisawawa.

Ndilemba mamuvu monga momwe amalembedwera pa Lichess ndi Chess.com, masamba a pa intaneti osewererapo chesi: K ndi mfumu, Q mfumukazi, R ruku, B bishopu, N kavalo, ndipo poni ilibe chilembo. Chizindikiro x ndi kudya, + ndi cheki, # ndi chekimeti, O-O ndi kubisa mfumu kumbali yake, O-O-O kumbali ya mfumukazi. Bokosi lililonse limatchulidwa ndi chilembo (a mpaka h) ndi nambala (1 mpaka 8), ndipo madontho atatu (...) amaonetsa muvu ya zakuda. Yalani bolodi pamene mukuwerenga, chifukwa mamuvu ongowerenga ndi maso sakhalitsa m'mutu.

Yambani ndi wotchi, osati ndi bolodi

Malamulo a FIDE, bungwe la chesi la dziko lonse, amati masewera ndi a blitz ngati aliyense ali ndi mphindi 10 kapena kucheperapo, ndipo rapid ndi kupitirira mphindi 10 koma osafika 60. Mpikisano wa blitz wa dziko lonse umaseweredwa ndi mphindi 3, kuwonjezerapo masekondi 2 pa muvu iliyonse. Masekondi awiriwo amasintha zambiri. Pa 3+0 (nambala yoyamba ndi mphindi, yachiwiri ndi masekondi owonjezera pa muvu iliyonse) kapena pa bullet, masewera a mphindi imodzi, mutha kupereka poni popanda chifukwa chomveka n'kupambanabe chifukwa mnzanu nthawi yamuthera. Pa 3+2 kapena 10+5, mnzanu akapulumuka mamuvu khumi oyamba amakhala ndi mpata wokwanira wokulangani ndi poni yomwe munamupatsa ija.

Choncho sankhani kaye nthawi imene mumasewera kawirikawiri. Ngati netiweki ya kwanu imadukaduka, sewerani yokhala ndi masekondi owonjezera, ndipo matsegulidwe anu akhale oti atha kupirira masewera aatali.

Siyanitsani msampha ndi pulani

Apa ndi pamene ambiri amasochera, ndiye tikhalepo pang'ono. Pali matsegulidwe amene moyo wake wonse uli pa msampha umodzi kapena iwiri. Stafford Gambit (gambit ndi matsegulidwe opereka poni mwadala), imene Eric Rosen wa ku America anaitchukitsa pa YouTube, ndi chitsanzo chabwino: 1.e4 e5 2.Nf3 Nf6 3.Nxe5 Nc6 4.Nxc6 dxc6. Zoyera zikasewera 5.d3 Bc5 6.Bg5, poganiza kuti zamangirira kavalo, mumadya 6...Nxe4 n'kusiya mfumukazi poyera. Zikaidya, 7.Bxd8 Bxf2+ 8.Ke2 Bg4# masewera atha pa muvu ya 8. Zimakoma kwambiri, ndipo aliyense amene anaiponyapo amaikumbukira. Koma wodziwa amangosewera 6.Be2, kenako c3 ndi d4, bishopu wanu wa pa c5 n'kutsekeka, inu n'kutsala opanda poni imodzi komanso opanda chowopsezera.

Englund Gambit ili chimodzimodzi: 1.d4 e5 2.dxe5 Nc6 3.Nf3 Qe7 4.Bf4 Qb4+ 5.Bd2 Qxb2. Wosadziwa amasewera 6.Bc3, ndipo 6...Bb4 7.Qd2 Bxc3 8.Qxc3 Qc1# imamumaliza. Wodziwa amasewera 6.Nc3, mfumukazi yanu n'kuyamba kuthamangitsidwa pamene zida zake zikutuluka chimodzichimodzi.

Sindikunena kuti musamasewere zimenezi. Muzidziwe ndithu, ngakhale kuti musadzagweremo mukakhala ndi zoyera. Koma dzifunseni funso limodzi pa matsegulidwe alionse amene akukukopani: mnzanga akapewa msampha, ine pa muvu ya 12 ndidzakhala ndikuchita chiyani? Ngati yankho mulibe, amenewo si matsegulidwe oti mumangirepo nyumba. Rating yanu, nambala yoonetsa mphamvu zanu pa chesi, ikamakwera, anthu odziwa misampha yotchuka amachuluka, ndipo zimene zinkakupambanitsani zimayamba kukugwetsani. Pulani ndi yosiyana. Mnzanu angaidziwe yonse, koma amayenerabe kupeza mamuvu olondola wotchi ikuyenda.

Sankhani yankho limodzi la 1.e4

Limodzi, osati anayi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo munthu amene lero ali pa Sicilian, mawa pa Scandinavian, mkuja pa Latvian Gambit, sadziwa ngakhale imodzi mokwanira kuti aisewere mosaganiza.

Ine ndimalangiza banja la Dragon mu Sicilian (1.e4 c5), chifukwa pulani yake ndi yooneka ndi maso. Bishopu amakhala pa g7 n'kumayang'ana mzere wonse wopingasa mpaka pa b2 ndi a1. Ruku imabwera pa c8. Mfumukazi imapita pa a5. Zida zonse zimaloza mbali imodzi, ndipo ngati zoyera zabisa mfumu kumbali ya mfumukazi, ndiye kuti mfumuyo yalowa pomwe mwalozapo.

Dragon yeniyeni imayamba motere: 1.e4 c5 2.Nf3 d6 3.d4 cxd4 4.Nxd4 Nf6 5.Nc3 g6. Njira yoopsa ya zoyera imatchedwa Yugoslav Attack: 6.Be3 Bg7 7.f3 O-O 8.Qd2 Nc6 9.Bc4 Bd7 10.O-O-O Rc8 11.Bb3 Ne5 12.h4. Apa ndi liwiro lokhalokha. Zoyera zikufuna h5, kutsegula mzere wa h, kusinthanitsa bishopu wanu ndi Bh6, n'kupha mfumu pa h7. Inu mukufuna ...Nc4, ...Qa5, ndipo nthawi zambiri ...Rxc3, kupereka ruku chifukwa cha kavalo kuti maponi oteteza mfumu yoyera aphwasuke. Nsembe ya pa c3 imeneyi muizolowere mpaka isamakuopseni, chifukwa Dragon yopanda nsembeyi ilibe mano. Pa muvu ya 12 ambiri amasewera 12...h5 kuti poni yoyera iime kaye. Walira mvula walira matope: mu 1974 ku Moscow, Anatoly Karpov, ali ndi zoyera, anagonjetsa Viktor Korchnoi pa mamuvu 27 okha m'njira yomweyi ya Yugoslav. Komanso mu 1995 ku New York, Garry Kasparov anatulutsa Dragon polimbana ndi Viswanathan Anand pa mpikisano wa ukatswiri wa dziko lonse, ndipo anapambana nayo. Ndi mpeni wakuthwa konsekonse.

Cholakwa chimodzi choti musachite ngakhale kamodzi: 6.Be3 ikaseweredwa, musathamangire 6...Ng4 kuti mudye bishopu. Pamabwera 7.Bb5+ Bd7 8.Qxg4, ndipo bishopu wanu wa pa d7 sangadye mfumukazi chifukwa wamangika kutsogolo kwa mfumu. Kavalo wapita ulele. Zoyera zikasewera 6.f4 m'malo mwake, yankhani 6...Nc6 musanatulutse bishopu, chifukwa e5 ikubwera.

Ngati mulibe nthawi yoloweza zonsezi, tengani mng'ono wake, Accelerated Dragon: 1.e4 c5 2.Nf3 Nc6 3.d4 cxd4 4.Nxd4 g6 5.Nc3 Bg7 6.Be3 Nf6. Kusiyana kwake n'koti poni ya d simunaisunthe. Woyera amene wangoloweza Yugoslav amasewera 7.f3 O-O 8.Qd2 mwachizolowezi, ndipo inu mumaponya 8...d5 kamodzi n'kamodzi, pakati pa bolodi n'kutseguka iye asanakonzeke. Mu blitz zimenezi zimachitika kawirikawiri, chifukwa anthu amasewera ndi dzanja osati ndi maso. Akasewera zolondola, 7.Bc4 O-O 8.Bb3, yankhani 8...d6. Musasewere 8...Na5. Samuel Reshevsky anatero mu 1958 ku New York polimbana ndi Bobby Fischer, yemwe anali ndi zaka 15, ndipo 9.e5 Ne8 10.Bxf7+ Kxf7 11.Ne6 inamutayitsa mfumukazi.

Mtengo wa Accelerated Dragon ndi 5.c4, njira yotchedwa Maróczy Bind potengera dzina la Géza Maróczy wa ku Hungary. Maponi a pa c4 ndi e4 amatseka ...d5, ndipo masewera amazizira. Musakakamize ukali pamenepo. Tulutsani zida, sinthanitsani kavalo pa d4, ikani bishopu pa c6 kudzera pa d7, sewerani ...a5, kavalo winayo apite pa c5 kudzera pa d7. Mamuvu amenewa safuna kuganiza, choncho ngakhale bolodi ili phee, wotchi ikugwirirani ntchito.

Pali ena amene Sicilian siwakhala bwino m'manja ndipo amakonda 1...e5. Kwa inu, Two Knights Defence ndi yoyenera: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6. Ambiri pa intaneti amalumphira 4.Ng5 poyembekezera 4...d5 5.exd5 Nxd5 6.Nxf7, imene imatulutsa mfumu yanu pabwalo. Musadye poniyo. Sewerani 5...Na5 6.Bb5+ c6 7.dxc6 bxc6 8.Be2 h6 9.Nf3 e4 10.Ne5 Bd6. Mwapereka poni imodzi, koma taonani amene akuthamangitsa mnzake. Kavalo woyera wayenda kanayi, mabishopu anu onse ali ndi njira, ndipo zida za zoyera za mbali ya mfumukazi zikadali m'nyumba. Iyi ndi nsembe yolemekezeka imene akatswiri akhala akuisewera kuyambira m'zaka za m'ma 1800. Olimba mtima kwambiri amasewera 4...Bc5, njira ya Karel Traxler, wansembe wa Chikatolika wa ku Bohemia amene anaisewera mu 1890. Zoyera zikadya ndi kavalo, 5.Nxf7, pamabwera 5...Bxf2+ ndipo moto umabuka mbali zonse. Koma 5.Bxf7+ Ke7 imakusiyani opanda poni, mfumu ili pakati. Pa bullet ndingaisewere, pa 10+5 ayi. Ndipo wosewera 1...e5 aliyense ayenera kukhala ndi yankho la Ruy Lopez, 3.Bb5. Laukali ndi 3...f5, limene Teimour Radjabov wa ku Azerbaijan walisewera polimbana ndi akatswiri apamwamba zedi.

Sankhani yankho la 1.d4 logwirizana ndi loyamba lija

Ngati mwatenga Dragon, nzeru ndi yoti ku 1.d4 mutengenso matsegulidwe oika bishopu pa g7. Mukatero maso anu amazolowera chithunzi chimodzi: maponi pa f7, g6 ndi h7, mfumu pa g8, bishopu patsogolo pake. Mumadziwa msanga pamene mfumuyo ili pangozi ndi pamene ili bwino, ndipo kudziwa kotereku ndi kumene kumasunga masekondi. Njira ndi ziwiri, ndipo zimasiyana ngati usana ndi usiku.

Yoyamba ndi King's Indian Defence: 1.d4 Nf6 2.c4 g6 3.Nc3 Bg7 4.e4 d6 5.Nf3 O-O 6.Be2 e5 7.O-O Nc6 8.d5 Ne7. Njira imeneyi imatchedwa Mar del Plata, dzina la mzinda wa ku Argentina kumene Svetozar Gligorić anagonjetsera nayo Miguel Najdorf mu 1953. Pakati patsekeka, ndiye aliyense amagwira mbali yake. Zoyera zimakankha c5 n'kulowa pa mzere wa c. Inu mumachotsa kavalo pa f6 kuti poni ya f iyende: 9.Ne1 Nd7 10.Be3 f5 11.f3 f4 12.Bf2 g5. Kuchokera apo ndi ...Ng6, ...Nf6, ...Rf7, ...h5, ...g4. Chimene chimapangitsa njirayi kukhala yabwino mu blitz n'chakuti mphotho za mbali ziwirizi sizofanana. Woyera akapambana liwiro amadya poni kapena ruku ya pa a8. Inu mukapambana liwiro mumapha mfumu. Woyera amadziwa zimenezi, ndipo mantha amamudyera nthawi. Onerani masewera a Boris Gelfand ndi Hikaru Nakamura ku Bursa m'dziko la Turkey mu 2010, pamene Nakamura ankasiya mfumukazi yake poti itha kudyedwa koma Gelfand osapeza mpata woidya chifukwa cha chekimeti imene inali pakhomo. Phunziro lina lofunika: bishopu wa pa c8 musamusinthanitse mwachibwana. Ngakhale akuoneka ngati wangokhala, iye ndi amene amadzadzipereka pa h3 kapena kuthandiza ...g4. Akachoka, nkhondo yanu imafooka kwambiri.

Ena amafuna kuzimitsa motowo msanga ndi 7.dxe5 dxe5 8.Qxd8 Rxd8. Musade nkhawa ndi poni ya e5. Akadya 9.Nxe5, mumayankha 9...Nxe4 ndipo bishopu wa pa g7 amabweza zonse.

Yachiwiri ndi Benko Gambit, ndipo kunena zoona iyi ndi imene ndimaikonda kwambiri pa masewera othamanga. Dzinali ndi la Pal Benko, wobadwira ku France, wokulira ku Hungary, amene anadzakhazikika ku America. Ku Russia amaitcha Volga Gambit. Imayenda motere: 1.d4 Nf6 2.c4 c5 3.d5 b5 4.cxb5 a6 5.bxa6 g6 6.Nc3 Bxa6 7.e4 Bxf1 8.Kxf1 d6 9.Nf3 Bg7 10.g3 O-O 11.Kg2 Nbd7. Mwapereka poni imodzi, ndipo mwagula mizere iwiri yotseguka, wa a ndi wa b. Mamuvu otsatira amadziwika kale: mfumukazi pa a5 kapena b6, ruku ya pa f8 ipite pa b8, kavalo wa pa f6 adutse pa e8 ndi c7 kupita pa b5, kapena adutse pa g4 ndi e5 kulowera pa d3 poni ya c itafika pa c4. Maponi oyera a pa a2 ndi b2 amapanikizika mpaka mapeto. Ukali wa Benko si wopha mfumu. Ndi wofinya pang'onopang'ono, ndipo woyera amayenera kupeza muvu yoteteza nthawi iliyonse pamene inu mukungoika zida m'malo mwake. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale mafumukazi atasinthanitsidwa, kufinyako sikutha, nthawi zambiri kumawonjezeka. Pa ma gambit ambiri, kusinthanitsa mafumukazi ndi imfa ya wopereka poni. Pa Benko ndi inu amene mungakupemphe. Mfumu yanunso imakhala yotetezeka bwino, choncho masekondi akatsala khumi simukhala ndi mantha a chekimeti yadzidzidzi.

Ndiye musankhe iti? Ngati mumakonda kuwerengera nsembe ndipo simutekeseka mbali imodzi ya bolodi ikamapsa, King's Indian ndi yanu. Ngati mumataya masewera ambiri chifukwa cha nthawi, tengani Benko.

Amene safuna bishopu wa pa g7 angayese Budapest Gambit, 1.d4 Nf6 2.c4 e5 3.dxe5 Ng4. Maróczy yemwe uja ndi amene anaisewera ndi zakuda ku Budapest mu 1896. Ili ndi msampha wotchuka, 4.Bf4 Nc6 5.Nf3 Bb4+ 6.Nbd2 Qe7 7.a3 Ngxe5 8.axb4 Nd3#, koma kusiyana kwake ndi Englund n'koti msampha ukalephera poni yanu mumakhala mwaibweza kale ndipo masewera amapitirira bwinobwino. Ilinso ndi pulani yokongola zoyera zikasewera 4.Nf3 Bc5 5.e3: mukabweza poni ndi kubisa mfumu, mumasewera ...a5, ruku n'kukwera pa a6, n'kudutsa mzere wonse mpaka pa h6 kukayang'anizana ndi mfumu yoyera.

Konzekerani amene adzakane kulowa m'njira yanu

Gawo ili ndi limene anthu amalinyalanyaza, chonsecho ndi limene mudzakumane nalo tsiku ndi tsiku. Mwaloweza Dragon mpaka muvu ya 15, koma mnzanu wasewera 2.c3. Mwakonzekera Benko, iye watulutsa 2.Bf4. Mukaima n'kuyamba kuganiza pa muvu yachiwiri, phindu lonse la kukonzekera latha.

Ku Sicilian, yankho limodzi litha kugwira ntchito ziwiri. Pa Alapin, 2.c3, sewerani 2...Nf6 3.e5 Nd5. Pa Smith-Morra Gambit, 2.d4 cxd4 3.c3, musadye poniyo. Sewerani 3...Nf6 ndipo mubwerera m'njira ya Alapin yomwe ija. Wosewera Smith-Morra amakhala ataloweza misampha yake ndipo amafuna kuti inu mukhale wodziteteza. Mukakana mphatso yake, mwamulanda chimene anabwerera. Pa 2.Nc3 yotsatidwa ndi f4, ikani kavalo pa c6, bishopu pa g7, ndipo muyang'ane bokosi la d4, limene kavalo wanu amalikonda. Ngati mumasewera 2...Nc6, dziwaninso kuti 3.Bb5 idzabwera kawirikawiri, ndipo 3...g6 imakusungani m'chithunzi chimene mwachizolowera.

Ku 1.d4, mdani wamkulu wa ukali ndi London System. Woisewera amaika zida zake m'malo omwewo masewera alionse, ndipo mukamulekerera amasewera mamuvu khumi osagwiritsa ntchito ngakhale masekondi khumi. Kufooka kwake kuli pa b2, chifukwa bishopu amene amateteza poniyo wachoka msanga. Menyani pamenepo: 1.d4 Nf6 2.Bf4 d5 3.e3 c5 4.c3 Nc6 5.Nf3 Qb6 6.Qb3 c4 7.Qc2 Bf5. Bishopuyo akuoneka ngati waulele, koma 8.Qxf5 Qxb2 imakupatsani ruku ya pa a1. Woyera amakakamizika kubwerera 8.Qc1, ndipo inu ndi amene mwatsogola. Odziwa amasewera 5.Nd2 kuti apewe zimenezi, koma ngakhale pamenepo mwamuchotsa m'tulo n'kumuyambitsa kuganiza.

Apa King's Indian ili ndi mwayi umene Benko ndi Budapest zilibe. Mamuvu ake oyamba, ...Nf6, ...g6, ...Bg7, ...d6 ndi ...O-O, amagwira ntchito pa 1.c4, pa 1.Nf3, ngakhale pa London. Benko ndi Budapest zimafuna kuti woyera asewere c4 pa muvu yachiwiri. Choncho ngakhale mutasankha Benko, phunziraniko chithunzi cha King's Indian kuti chizikugwirani tsiku limene mnzanu wapatuka.

Lowetsani matsegulidwewo m'dzanja

Kuloweza mamuvu makumi awiri a njira imodzi n'kutaya nthawi, chifukwa anzanu ambiri adzapatuka muvu ya 8 isanakwane. Lowezani mamuvu 8 mpaka 10 a njira zitatu kapena zinayi zimene zimabwera kawirikawiri, kenako lowezani malo amene chida chilichonse chimapita. Muzitha kunena pakamwa, bolodi palibe, kuti mu Benko ruku iyi ipita apa, kavalo uyu adutsa apa. Pa Lichess, imene ndi yaulere, muli buku la matsegulidwe lomwe limaonetsa mamuvu amene anthu a rating ngati yanu amasewera kwenikweni pa blitz. Sefani ndi rating yanu ndi nthawi yanu, osati masewera a akatswiri okha, chifukwa amene mudzakumane nawo usiku uno si Magnus Carlsen, katswiri wamkulu wa ku Norway.

Kenako onerani masewera athunthu a akatswiri asanu kapena khumi m'matsegulidwe anuwo, mofulumira, osaima pa muvu iliyonse. Cholinga ndi choti maso aone nsembe zomwezo zikubwerezedwa: ...Rxc3 mu Dragon, ...Bxh3 ndi ...g3 mu King's Indian, ...Rxb2 mu Benko. Mukadzaziona pa bolodi yanu simudzafunika kuwerengera kuyambira pachiyambi.

Mukayamba kusewera, dziikireni malire. Pa 3+2, mamuvu khumi oyamba asakudyereni masekondi opitirira 30. Nthawi imene mwasungayo ndi yoti muigwiritse ntchito pamene masewera afika pa mphambano, nthawi zambiri pakati pa muvu ya 12 ndi ya 20, pamene muyenera kusankha kupereka nsembe kapena ayi. Pamenepo imani ndithu, ngakhale masekondi 40, chifukwa muvu imodziyo ndiyo imagamula. Chenjeraninso ndi premove (kuika muvu yanu mnzanu asanasunthe) m'matsegulidwe a ...g6. Anthu ena amadziwa kuti wosewera King's Indian amaika ...Bg7 mosayang'ana, ndipo amaponya Bh6 msanga kuti adye bishopuyo ulele. Premove isungireni kubweza chida chimene chadyedwa, osati kutulutsa zida.

Masewera akatha, makamaka amene mwagonja, musathamangire kuyamba ena. Tsegulani bolodi younikira, pitani pa muvu yoyamba imene munaima n'kuganiza nthawi yaitali, ndipo muone chimene buku kapena injini, pulogalamu younika mamuvu, ikunena pamenepo. Lembani muvu imodzi yokhayo m'kope kapena mu study ya pa Lichess, malo osungira mamuvu anu. Mphindi ziwiri zakwana. Injini ikamaonetsa kuti zoyera zili bwinoko pang'ono mu King's Indian kapena mu Benko, musatekeseke, chifukwa imatero pafupifupi nthawi zonse m'matsegulidwe amenewa, ndipo injiniyo siopa chekimeti monga momwe munthu amaopera. Koma ikamaonetsa kuti pofika muvu ya 8 mwatsalira ngati mwataya kavalo wathunthu, ndiye kuti njirayo ndi yowola.

Apatseni matsegulidwe atsopano masewera osachepera 50 musanawaweruze. Masewera oyambirira mudzagonja ambiri ndipo rating idzatsika, chifukwa dzanja likadaphunzira. Akakwana 50, tsegulani mbiri ya masewera anu n'kuona amene munagonja. Ngati ambiri munagonja pambuyo pa muvu ya 25, vuto si matsegulidwe, ndipo musawasinthe. Ngati mukugonja muvu ya 15 isanakwane m'njira imodzi yomweyomweyo, konzani njira imodziyo. Koma ngati mupeza kuti nthawi iliyonse ...Rxc3 ikafunika dzanja lanu limakana, kapena kuti mumabwerera kukateteza mbali ya mfumukazi mu King's Indian m'malo mokankha ...g4, matsegulidwewo sakugwirizana ndi mtima wanu. Chokani pa Dragon mupite pa Accelerated Dragon, kapena pa King's Indian mupite pa Benko. Bishopu akhalabe pa g7, ndipo zambiri zimene mwaphunzira mupita nazo.